Mpando wa Abambo Uli Pawindo la Sitolo

Cedar Ford, Texas
19 Novembala 2017

Okondedwa Achimwene Purvis,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumadzi ozizira a ku Alaska komwe mukugwira nkhanuko. Akuti sitima yanu imafika padoko mwa apo ndi apo, ndiye ndatopa n'kudikira foni yanu. Komanso pali mawu ena amene pakamwa panga akukana kutuluka, mwina dzanja lingayese.

Kuno tilipo. Mtengo wa mtedza wa pekani wa kuseri kwa nyumba wabereka kwambiri chaka chino, koma okolola ndi agologolo okha. Mwala wa pamanda a abambo tinaika, dzina lawo analemba bwino. Tsopano khalani pansi, achimwene. Amayi anamangidwa. Musadzidzimuke, anatuluka, ndipo m'thupi ali bwino.

Mukukumbukira mpando wofiirira wamagetsi uja, wokankha munthu kuti aimirire? Fumbi la kufakitale ya matabwa litawononga mapapo a abambo, sankatha kugona chagada, ndiye amayi anakautenga kusitolo ija ya pafupi ndi banki, yopereka katundu lero iwe n'kumalipira Lachisanu lililonse. Sanafunsidwe zambiri, anangoti sainani apa, madzulo ake mpando unafika. Amayi analipira kwa chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri osaphonyapo. Mpando wa madola 800 kusitolo wamba, iwo anali atapereka kale zikwi ziwiri n'kupitirira.

Inu munanyamuka tsiku lomwe tinaika maliro, choncho simunaone zotsatira. Mukudziwa mwambo wa kutchalitchi kwathu, kuti katundu wa womwalira sakhalitsa m'nyumba pamene wamoyo akumusowa. Masuti a abambo anapita kwa madikoni, ndodo yawo kwa Mayi Hattie. Mpando amayi anapereka kwa Bambo Odell Prather, aja ankaimba besi pambali pa abambo m'kwaya. Mtima wawo watupa, madzi adzaza m'chifuwa, akagona pabedi amabanika. Amuna a mumpingo anaukweza pagalimoto, ndipo akazi awo, Mayi Eula, analira pothokoza. Amayi anasiya kulipira. Anati mwini wake wapita, ndipo mpandowo anaugula kawiri.

Pakhomo panabwera Kendrick Mabry. Inde, Kendrick wa mamina uja munkamuteteza kusukulu, ndiye bwana wa sitoloyo masiku ano, ndipo mimba yatsogola.

"Mayi Gaskins, pepani ndi maliro," anatero. "Koma mpando uja ndi wathu mpaka Lachisanu lomaliza. Mwatsala ndi miyezi isanu."

"Wanu? Ndalama zonse zija ndinkagula chiyani, mphepo?"

"Simunkagula, mayi. Munkachita lendi."

"Iwe Kendrick, ndinakusinthapo thewera ine m'chipinda cha ana kutchalitchi. Lero ukundiphunzitsa kusiyanitsa kugula ndi lendi?"

"Ingondiuzani komwe uli, tikatenge, nkhani ithe."

"Uli komwe Mulungu akuuona. Tsika pakhonde langa, ukundipondera maluwa."

Ine ndinaseka tsiku limenelo, achimwene. Ndinkaganiza kuti choopsa kwambiri n'kuimbiridwa mafoni.

Mwezi watha, Lamulungu m'mawa, wapolisi anaimitsa amayi chifukwa nyali yakumbuyo ya galimoto inali itafa. Atayang'ana dzina lawo m'makina ake anawauza kuti atsike. Sitolo inali itakasuma, ndipo panali chikalata chowamangira pa mlandu wakuba. Anawamanga unyolo m'mbali mwa msewu atavala chipewa chawo choyera cha Mgonero. Mayi wa zaka 67, amene sanatengepo ngakhale supuni ya kukhitchini ya sukulu komwe aphika moyo wawo wonse, anagona m'chitokosi. Ndinakawatulutsa pa belo Lolemba. Kusukulu anawauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka mlandu utatha, ndipo akapezeka olakwa asabwererenso.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Ndinaimba foni ku Washington, kuofesi ya boma lalikulu yoteteza ogula. Anandiyankha mayi waulemu, wa mawu ofewa, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pepani kwambiri," anatero. "Lamulo la boma lalikulu limateteza wotenga ngongole, komanso wochita lendi yopitirira miyezi inayi. Amayi anu papepala anachita lendi ya sabata imodzi, n'kumaiyambanso sabata iliyonse."

"Sabata imodzi yotalika chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri?"

"Ndikumvetsa. Dandaulo lanu ndilemba, koma yesani boma la Texas."

Loya wothandiza osauka wa kutauni anandiuza zotsalazo. Anati aphungu a ku Washington akhala akukambirana za lamulo la masitolo amenewa kuyambira ine ndisanabadwe, koma silinatulukebe. Lamulo la kuno limalola sitolo kuitana apolisi ngati katundu wa lendi sanabwezedwe. Anati njira zilipo ziwiri zokha: kubweza mpando, kapena kulipira zonse zotsala pamodzi ndi zilango nthawi imodzi. Ndalama zimenezo tikanazitenga kuti? Maliro anatisiya manja ali mbee, belo inamaliza zotsala, inu muli pakati pa nyanja.

Ndinati tipemphe mpingo usonkhe. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anthu a kutchalitchi, amayi anali atangowauza kuti apolisi anasokoneza mapepala.

"Eula akamva, abweza mpandowo tsiku lomwelo," anatero. "Ukufuna Odell afe chobanika chifukwa cha ine?"

"Nanga inu mukapita kundende?"

"Kundende kuli bedi, ndipo ine ndimatha kugona chagada."

"Amayi, dzina lanu lilembedwa kuti wakuba!"

"Alembe. Amene akundidziwa akundidziwa. Ndipo iwe Corliss, pakamwa pako potseka. Wamva?"

Ndinati ndamva. Koma achimwene, inu simunawaone akutuluka m'chitokosi muja. Chipewa chinali m'thumba la pulasitiki, nsapato zili m'manja. Pamaso pa anthu amalimba, koma mankhwala awo a shuga ndimawerengera ndine, ndipo ndikudziwa kuti miyezi ingapo m'ndende ingatibwezere mtembo. Taika abambo chaka chomwe chino. Ndinachita mantha, ndipo sindikubisa.

Sabata ya mlandu ndinapita kwa Kendrick. Ndinamupempha kuti ndizilipira ine pang'onopang'ono monga kale. Anati mabwana ake akuluakulu anatseka kale zimenezo, akufuna mpando kapena ndalama zonse.

"Corliss, ukuganiza kuti ndimagona tulo ine?" anatero. "Ndili ndi ana atatu. Ndikapanda kubweza katundu, mawa pampando pano pakhala wina woipa kuposa ine. Ndiuze nyumba yokha. Amayi ako sadzadziwa kuti wanena ndani."

Ndinamuuza, achimwene. Ndinatchula msewu ndi mtundu wa chitseko.

Anapita Lachitatu masana, amuna awiri ndi lole. Ine ndinaimika galimoto patsidya pa msewu, pansi pa mtengo, chifukwa ndinaona kuti ndiyenera kuona chimene ndachita. Mayi Eula anawalandira ngati alendo, mpaka anawatsanulira tiyi wozizira. Atamva chimene abwerera anangogwira chitseko. Iwo ndi amene anandifotokozera za m'katimo pambuyo pake. Akuti Bambo Odell anadina okha batani, mpando n'kuwaimiritsa komaliza, ndipo anauza amunawo kuti, "Ana anga, nyamulani bwino, n'ngolemera. Musathyoke msana." Kenako anafunsa za amayi kuti, "Verlene sali m'mavuto chifukwa cha ine, eti?"

Lachisanu mlandu unathetsedwa. Dzina la amayi layera, ndipo kusukulu awaitana kuti ayambenso ntchito. Ndinapeza chimene ndinkafuna.

Amayi sanafunse Kendrick kapena wina aliyense kuti waulula ndani. Titafika kunyumba kuchokera kukhoti anavula chipewa, anachipachika, n'kundiyang'ana.

"Unafunsa ndani?"

"Ndimafuna kukupulumutsani, amayi."

"Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo, ndipo papita sabata ziwiri. Analongedza kachikwama n'kusamukira kwa a Prather. Bambo Odell tsopano amakhala pampando wa kukhitchini, mapilo kumsana, chifuwa atatsamiritsa pathebulo lositira zovala, chifukwa ndi pokhapo pamene mpweya umalowa. Miyendo yatupa mpaka khungu likung'ambika. Amayi ndi Mayi Eula amasinthana kuwagwira kuti asagwe akamasinza, ndipo powaimiritsa amagwira wina uku wina uku, akazi awiri okalamba. Namwino akuti mwina Khirisimasi saiona. Dzulo ndinapititsa nkhuku yokazinga ndi buledi wa chimanga. Mayi Eula analandira pakhomo n'kundisisita tsaya, amayi sanatuluke.

Mpando uli pawindo la sitolo. Aupukuta, aikapo chikwangwani chakuti wagwiritsidwa ntchito pang'ono, madola 24 pa sabata. Pamene abambo ankatsamiritsa mutu pakuonekabe. Popita kuntchito ndimazungulira njira ya kunjanji kuti ndisadutsepo.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Mukalandira malipiro, tumizani zimene mungathe msanga, ndikagule mpando wina kusitolo wamba, ndalama pamanja. Ndayamba kusunga, koma ndikuopa kuti ndidzakwanitsa wokhalapo atapita. Chachiwiri, mukafika padoko muwaimbire amayi panambala ya Mayi Eula. Musandipepesere, ndipo musawauze kuti ndinalakwa kapena ndinakhoza, chifukwa ine mwini sindikudziwa. Akanakhala kuti abwereranso m'chitokosi muja, ndikuganiza kuti ndikanatchulanso msewu womwewo. Mungowafunsa ngati akumwa mankhwala a shuga. Botolo analiiwala pano pathebulo, ndinalitumiza, koma sindikudziwa ngati alitsegula.

Muzivala zofunda, musamadzionetse mphamvu pamadzi. Abusa akupereka moni. Mayi Eula akupereka moni. Bambo Odell akuti mudzawabweretsere nkhanu yaikulu, adzadya ndi maso. Pano m'pamene ndimalemba nthawi zonse kuti amayi akupereka moni ndipo akukupemphererani. Ndikudziwa kuti akukupemphererani, koma moni wawo sanandipatsire, ndiye sindingaulembe. Mukaumve nokha, ndipo akakuyankhani, mudzandiuze mmene mawu awo akumvekera masiku ano.

Ndine mlongo wanu,
Corliss