Kanema wa Njovu Sindifufuta

Okondedwa atsibweni a Daliso,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Chifunda tilipo, ana akupita kusukulu.

Kamera munandisiyira ija yagwira ntchito. Njovu zitalowa m'munda mwathu, ndinajambula zonse, mmene zinathyolera chimanga ndi mmene amuna anga a Gregory anathamangira kukazipirikitsa. Ndinapita ndi kanemayo kuboma kukadandaula, koma pa kompyuta yawo akukana. Mawu akumveka, chithunzi chikungoima pamtengo umodzi. Kalaliki anati, "Mayi, kanemayu ndi wolemera, makina athu ndi akale. Popanda chithunzi palibe umboni. Fufutani, mukajambule wina."

Ndinamufunsa ngati njovuzo ndikaziitane zidzabwereze. Khadi la m'kamera, momwe muli kanemayo, ndinamulanda, ndamanga pachitenje.

Aphunzitsi a Everlyn ali ndi pulogalamu yopepukitsa kanema kuti aziyenda. Amafuna kudula gawo lomaliza, akuti ndi lopweteka kuona. Ndakana. Lomwelo ndi limene ndikufuna akuboma aone, asatembenuke.

Musanditumizirenso mawu oti ndisamuke. Manje mundawo ndikulima ndekha, ndipo sindiusiya. A Gregory akadali kuchipatala. Za mwendo wawo umene njovu inavulaza tidzakamba mukabwera.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Tryness