Disiketi ya m'thumba la jekete

Ndirande,
Blantyre.
14 Okutobala, 1997.

Okondedwa achimwene a Hawkins,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kwatentha koopsa. Musadabwe kuti ndalemba ndi bolopeni chikhalirecho kompyuta ikuyaka pathebulo pomwepa. Sindikufuna n'kuiyang'ana komwe.

Mukudziwa kuti kompyuta munandisiyira ija ndi imene ikutidyetsa. Makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, a maliro, zonse za pamsika pano zimadutsa m'manja mwanga. Itagwidwa ndi vairasi yobwera ndi disiketi ya kasitomala wina, munandiyankha kuti mankhwala ake ndi amodzi: kuifomata, kupukuta zonse za m'kati, kenako n'kuikamo Windows mwatsopano kuchokera m'madisiketi 13 aja. Munalembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndiyambe ndaona ngati zofunika ndazisunga pena. Ndinawerenga, achimwene, sindikana. Koma ndinati mumtima, chofunika n'chimodzi chokha, buku la bambo, ndipo ndinalikopera kale pa disiketi yabuluu iwo akadali moyo.

Inu simunaone m'mene tinalivutikira bukulo. Miyezi isanu ndi iwiri bambo akukhala pambali panga masana alionse, akunena, ine ndikutaipa: m'mene agogo anawolokera kuchoka ku Mozambiki, mayina a midzi imene anasiya, amene anafera panjira, amene anatsala m'minda ya tiyi ku Mulanje. Masamba 63. Kusindikiza ankakana, akuti mpaka timalize.

Ndiye Loweruka lija m'mawa ndinalemba zomwe munandiuza. Kompyuta inandifunsa m'Chingelezi ngati ndatsimikiza, poti zonse zitayika. Ine ndi matama angawa ndinangodina batani lovomera. Sipanathe ndi ola lomwe, zonse psiti!

Ndinapita kuchipinda kukatenga madisiketi. Ndinkawasunga m'sutikesi ya bambo chifukwa ndi chokhacho chokhoma m'nyumba muno. Kutsegula, mbee! Ndinafunsa amayi, iwo n'kundiyankha mtima uli m'malo: "Si zinali m'sutikesi ya malemu? Ndiye abale anagawana." Achimwene, tsiku logawa katundu lija inu munali mutabwerera kale, ine ndinali kuseri ndi mbale za anamalira. Akuluakulu atapeza timabokosi takudato anati tiyenera kuti ndi tamtengo wapatali, ndipo pofuna kuti pasakhale wodandaula, anagawana titatutitatu, ena tinayi, ngati mmene anachitira ndi mataye.

Masiku anayi ndakhala ndikukwera ndi kutsika maminibasi, shopu yotseka, makasitomala akubwerera pakhomo. Ku Bangwe ndinapeza azakhali a Petronela atawayala m'kabati ya galasi, pa kansalu koluka, pafupi ndi makapu a alendo. Nditawapempha anangoti maso tong'o. "Iwe Idah, mchimwene wanga wandisiyira tinthu timeneti tokha, ndiye ukufuna undilande?" Ndinagwada, ndinafotokoza, ndinalumbira kuti ndibweza. Anandipatsa atawerenga kawiri. Ku Machinjiri abambo aang'ono anali atapanira nambala 7 pansi pa mwendo wa thebulo kuti lisamagwedezeke. Ati, "Ameneyu yekha ndiye wandithandiza, enawa sindikuona ntchito yake." Ndinangowerama n'kuisolola, nanga munthu wamkulu ungamutani? Ku Zingwangwa ana anali atang'amba imodzi kuti aone ngati muli chithunzi.

M'malo mwa awiri owonongekawo, ena anandibwereka ndi Olive, mnzanga wa kusukulu ya zotaipa uja, amene akugwira ntchito muofesi ina m'tauni. Lachinayi ndinakhala pansi n'kuyamba: lowetsa, dikira, tulutsa, lowetsa ina. Nditafika pa nambala 11 magetsi thii! Ndinakuwa mpaka mayi wogulitsa mandasi panja anathamangira kudzaona amene wamwalira. Atayaka ndinayambiranso pa nambala 1. Pomaliza inatheka. Ikuthamanga tsopano, yoyera ngati mbale yotsuka, ndipo pamenepo munanena zoona.

Koma disiketi yabuluu ija, yolembedwa dzina la bambo, kulikonse ndinapitako palibe anaiona. Ndinadzilimbitsa mtima kuti iyenera kuti ili m'nyumba momwemuno. Dzulo ndinawafunsa amayi akusita, ndipo nkhope yawo inawala.

"Yabuluu ija? Imene ankayenda nayo m'thumba la jekete, kuonetsa anzawo kutchalitchi kuti buku langa lili umu? Imeneyo sindinalole kuti aigawe, mwana wanga. Powaveka jekete lija tsiku la maliro ndinaibwezera m'thumba mwawo momwe inkakhala. Ndikanawasiya apite opanda buku lawo? Poti iwe lako uli nalo m'makinamo."

Ndinangoti, "Munachita bwino, amayi," n'kutuluka panja.

Ndakwiya, achimwene, ndipo ndayesa kukwiyira aliyense. Ndakwiyira kasitomala uja, azakhali, abambo aang'ono, inunso ndakukwiyirani chifukwa cha kalata yanu. Koma batani lija ndinadina ndine, ndisanatsegule sutikesi imene inali mapazi asanu kuchoka pomwe ndinakhala. Olive wafunsa anthu odziwa kuntchito kwawo, akuti ndikanapanda kuikamo Windows pamwamba mwina akanayesa, koma pano basi.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, khalani pansi mulembe chilichonse chimene mukukumbukira pa zimene bambo ankanena, ngakhale dzina limodzi la mudzi. Inu munkawamvetsera muli mwana. Ine ndinkangotaipa, maganizo ali pa zilembo, ndipo ndayesa m'mawa uno, zatuluka tsamba limodzi ndi theka basi. Dzina la agogo aakazi amene anafera pamtsinje landithawa. Lachiwiri, mukaimba foni kwa aneba, musawauze amayi. Ndidzawauza ndekha ndikadzapeza pakamwa poyambira.

Madisiketi a azakhali ndabweza, onse anayi, ali m'kabati mwawo. Akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Amayi nawo akuti moni wambiri. Akuti maondo akuchepako, musadere nkhawa. Akutinso pa Khirisimasi musalephere kubwera ndi ana, chifukwa akufuna tonse tidzakhale pansi, ine ndidzayatse makinawa, adzukulu adzamve okha mawu a agogo awo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ayamba kale kubwereka mipando.

Ndine mlongo wanu,
Idah.