Hotela ya Mbozi

Lolemba, 3 Febuluwale
Thonje langa! Munthu akalowamo, ngakhale chipewa osaoneka. Mbewu yatsopano ija, yosinthidwa, yoti mbozi ikangoluma tsamba basi, maliro. M'mbali ndinabzala mizere ya thonje wamba monga ananenera alangizi. Akuti mbozi zina n'zolimba, poizoni wa m'masambamo saziopsa. Tsono mizereyi imalera mbozi zofooka kuti zikasanduka agulugufe zikakwatirane ndi zolimbazo, ana azibadwa ofooka. Dera lonse lino wobzala mizereyi ndine ndekha. Anzanga kapaketi ka mbewu wamba amangotaya chaka ndi chaka. Womanga maukwati a agulugufe ndine. Winanso ndani?

Lachinayi, 6 Febuluwale
Mlamu, mchimwene wake wa mkazi wanga. Minda yathu ndi yogundana. Waima pamalire: "Alamu, hotela ya mbozi ikuyenda?" Ndamuuza kuti alendo anga amadya ndi supuni. Taseka. Iye kuseka kwa mano okha.

Lachitatu, 19 Febuluwale
Mbozi zofiira m'munda wa mlamu. M'thonje latsopano lomwelo. Zonenepa ngati chala changa chachikulu, zikudya poizoni ngati shuga. Wolakwa ndani? Ine. Kusitolo ya mbewu ndangolowa, onse maso pa ine. Wina kumbuyo: "Woweta mbozi uja ndi uyu." Ndimati ndiseke. Ndangotuluka.

Loweruka, 22 Febuluwale
Alangizi sanabwere kudzawafotokozera. Akuti njinga yamoto yafa. Pobweretsa mbewu sinkafa. Mkazi wanga: "Zulani, bambo, tikhale ndi abale." Ine kuzula? Ndakana. Tsiku lonse osandiyankhula.

Lachiwiri, 25 Febuluwale
Mizere yanga kulibe. Azula yonse, aunjika pamalire, awotcha. Mapazi ambirimbiri, a amuna. Pakati pawo timapazi ta patapata. Patapata ameneyo ndinamugulira ndine mkazi wanga, chidendene chakumanzere chinadyeka. Sindinafunse. Lero madzi osamba andiikira otentha bwino.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndang'amba chipatso cha thonje pakati penipeni pa munda wanga. Mbozi m'kati, kundiyang'ana ngati mwini malo. China, chimodzimodzi. Chinanso. Gulugufe sadziwa malire a munthu. Ofooka aja anapsa, otsalawa akungokwatirana okhaokha, ana onse zigawenga.

Masana mlamu pakhomo, chipewa m'manja: "Alamu, tatibwerekaniko chopopera mankhwala, zangowonjezeka." Mkazi wanga maso pansi, akutsuka mbale yotsuka kale. Ine amene pakamwa sipauma, mawu odzaza ngolo ndinali nawo.

Ndamupatsa. Ndamuuza abweze mawa m'mawa. Wafunsa kuti changu n'chachiyani, popeza hotela inatsekedwa. Sakudziwa kuti nanenso zandilowera m'munda.