Mudzaime pa Ngodya Yanga ku Lupaso

Ching'ambo,
Mzuzu.
11 Meyi

Okondedwa achimwene a Ackim,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu ndi ana kumudziko. Nanga mwendo wa amayi uja waphwa, kapena akuumirirabe kupita nawo kudimba? Ife kuno tili bwino, kungoti mwana wathu Lusungu chimfine sichikumuchoka. Mzuzu ndi wozizira, achimwene, ndipo mvula ya kuno sidziwa kuti Meyi wafika. Zovala zimakhala pachingwe mpaka ndimaiwala kuti ndi zanga.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Musanamizire netiweki, pakuti alamu ndikawaimbira imalowa bwinobwino ali pakhonde lomwelo. Mwakwiya, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Munaumba njerwa, munatentha uvuni ndi nkhuni zanu, munalambula malo kuseri kwa nyumba ya amayi kuti ine ndi amuna anga a Gomezgani tidzamange pamenepo monga amachitira akamwini kwathu. Kenako mwangomva kuti mlongo wanu akugula nyumba ku Mzuzu. Zinakupwetekani, ndipo inenso zimandiwawa kuti simukundilankhula. Koma pa zogula nyumbazi sindibwerera m'mbuyo.

Inu ku Lilongwe munkabwera ngati mlendo, n'kumayamikira matailosi ndi magetsi. Simunkaona lendi ikukwera chaka ndi chaka, malipiro a uphunzitsi ali pomwepo. Tinasamukasamuka mpaka kabati ija munatipatsa paukwati inathyoka mwendo pa lole. Tinafunsa mitengo ya mapuloti, ndipo komwe tikanakwanitsa kunali kutali koti minibasi imathera panjira, kotsalako n'kwa kabaza.

Tsiku lina Lusungu anajambula duwa pakhoma ndi choko changa. Alandilodi anamukalipira ngati wagwetsa nyumba yonse. Lusungu atatonthola anandifunsa kuti khoma lathulathu lili kuti. Mwezi womwewo ndinapempha kuntchito kuti andisinthire kuno, kwawo kwa a Gomezgani, komwe munthu wolandira ngati ine angathe kulota za nyumba osasekedwa.

Kumudzi sindikukana, ndi kwathu. Koma mlamu wanu ntchito yake ndi yokonza mafiriji, ndiye kumudziko adzakonza firiji ya ndani? Ngakhale kuno ndimawaseka kuti dziko lozizira kale chonchi firiji n'njachiyani, koma makasitomala akuwapeza, a mabutchala ndi amayi ogulitsa nsomba za ku Nkhata Bay. Njerwa zija musazisiye zizingomera ndere. Amayi khitchini yawo inang'ambika kalekale, muwamangire ina.

Tsono mumve zimene ndinaona pofunafuna nyumba, chifukwa ndi zimene zandilembetsa kalatayi.

Ejenti wina anatitengera ku Zolozolo kukaona nyumba yabwino ndithu, yapulasitala, mtengo wake wotsika modabwitsa. Amene ankationetsa zipinda anali abambo awiri apachibale, olankhula mwaulemu kwambiri. Pakhonde la kuseri panakhala mayi wina, mapoto atawamanga m'chitenje, ana atamuzungulira. Palibe amene anatiuza kuti ndi ndani. Inu mukundidziwa kuti sinditha kuona chinthu n'kukhala chete, ndiye ndinanamizira kufuna madzi akumwa n'kukakhala naye pansi.

Dzina lake ndi Marjorie. Anandiuza kuti amuna ake anamwalira chaka chatha, ndipo abambo awiri aja ndi alamu ake. Anati malata a nyumbayo anagula ndi iye, ndi ndalama za kaunjika, ndipo madzi omangira anatunga yekha ali ndi pakati. Koma tsiku logula puloti panalibe munthu aliyense wa kwawo. Mboni zinali alamu ake omwewo, ndipo lero ndi amene akunena kuti malowo anali a mchimwene wawo yekha. Anati wakadandaula kwa akuluakulu, koma aliyense akumufunsa kuti wa mbali yake amene analipo ndi ndani. Nditatsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti yewo chomene, ngati kuti ndamuthandiza kanthu.

Ndinatuluka osayang'ananso zipinda. A Gomezgani ndinawauza panjira kuti nyumba imeneyo ngakhale atatipatsa ulere sindingagonemo, ndipo sanatsutse. Ejenti uja anakwiya n'kunena kuti anthu a ku Lilongwe timavuta. Ndinamuuza kuti ine ndi wa ku Dedza, ndipo kumeneko timavuta kuposa pamenepo.

Patapita nthawi tinapeza ina ku Lupaso. Si yokongola, ndisakunamizeni. Ndi ya zipinda zitatu, kunja kulibe pulasitala, malata ena ndi adzimbiri, ndipo msewu wake mvula ikagwa matope ofiira amakuvula nsapato. Koma ili pamtunda, madzi sakhazikika. Anthu a kuno anatilangiza kuti nyumba ya ku Mzuzu uzikaiona mvula ikugwa, ndiye tinapitadi tsiku la chimvula, ine n'kumayendayenda m'zipinda maso ali kudenga. Inadontha pamalo amodzi okha. Kuseri kuli mtengo wa mapeyala ndi nthochi, ndi kamalo koti ndingadzale mpiru.

Eni ake ndi a Solomon, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ndipo akubwerera kwawo kunyanja. Chinthu choyamba chimene ndinafunsa ndi akazi awo. Anatuluka, tinacheza, ndipo anandiuza okha ndi pakamwa pawo kuti nawonso akufuna kugulitsa chifukwa maondo awo atopa ndi kuzizira. Apo m'pamene mtima wanga unakhala pansi.

Mmene amachitira m'dera limenelo ndi motere. Tsiku lopatsana malo, akuluakulu a m'dera amayenda malire onse ndi ogula komanso ogulitsa, anansi akuonerera. Kenako pangodya iliyonse ya puloti pamaima mboni imodzi pamene akukhoma chikhomo. Ngodya imodzi ndi ya mbali ya ogulitsa, ina ya mnansi, ziwiri zotsalazo ndi za ogula. Zikadzavuta mtsogolo, anthu oyamba kuitanidwa ndi amene anaima pangodyazo. Pamapepala tidzalembetsa mayina athu tonse awiri, zimenezo tinagwirizana kale, koma mapepala amayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu a m'dera amakumbukira nkhope zimene anaona.

A Gideon, abambo awo ang'ono a Gomezgani, atamva zimenezi ananena kuti ngodya imodzi aimapo iwo, inayo mwana wawo wamwamuna. Anati palibe chifukwa chovutitsira anthu a ku Dedza, ulendo wake ndi wautali chomene, ndipo mkamwana, ndiye kuti ineyo mpongozi wawo, ali m'manja abwino. Musawaganizire zoipa. Ndi munthu wabwino, titangofika anatisunga kwawo ndipo Lusungu amamukonda ngati mdzukulu wawo weniweni. Kwawo zimayenda choncho, nkhani za malo ndi za kuchimuna, ndipo iwo akuona ngati akutichitira chifundo. Koma alamu ake a Marjorie nawonso anali anthu abwino tsiku limene ankaima pangodya.

Ndinagwada, ndinawathokoza a Gideon, kenako ndinawauza kuti ine ndili ndi nkhoswe yanga ndipo ngodya imodzi ndi yake. A Gideon anaseka pang'ono n'kufunsa a Gomezgani ngati nyumbayi akugula ndi iwo kapena akazi awo. Mlamu wanu anayankha kuti tikugula tonse, ndipo ndinamunyadira. Koma titatuluka anandiuza mosabisa kuti sangathe kuchotsa m'bale wake pangodya kuti pakhale popanda munthu. Anati achimwene anga akabwera ngodyayo ndi yawo, akapanda kubwera aimapo mwana wa a Gideon. Sindingawadzudzule, anena zoona.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Mubwere mudzaime pangodya yanga. Mwambowu uchitika Loweruka lomaliza la mwezi uno m'mawa, ndipo a Solomon sangasunthe tsiku chifukwa lole yonyamula katundu wawo anapangana nayo kale. Munyamuke Lachisanu. Za thiransipoti ndatumiza pafoni ya alamu, ndipo mutenge jekete lochindikala chifukwa ku Chikangawa basi imadutsa m'chifunga. Simudzafunika kulankhula Chitumbuka, kapena kuseka ndi ine ngati mkwiyo usanathe. Mungodzaima chilili anthu akuoneni, adziwe kuti mayi wa m'nyumba imeneyi ali ndi kwawo.

Sindikulosera a Gomezgani imfa, Mulungu awasunge mpaka tidzakalambe. Koma sindikufuna kuti tsiku lina Lusungu adzakhale pakhonde la kuseri anthu akuonetsa alendo chipinda chake.

Kumbukirani tsiku la chinkhoswe changa. Akuchimuna anabwera ndi nkhani ya ng'ombe za malowolo, ndipo inu munaimirira pamaso pa anthu onse n'kuzikana. Munati mlongo wanu mukumupereka ku banja koma sakuchoka m'mbumba yanu, ndipo kulikonse kumene adzakhale inu mudzamuyankhira. Anthu anawomba m'manja, ine ndinalira. Mawu amenewo kumudzi anali osavuta kunena, kofunika kuwanena ndi kuno. Ng'ombe munazikana, achimwene. Mukapanda kubwera, ndiye kuti mwandipereka ulere.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chipinda chimodzi ndi chawo akadzafuna kuonana ndi madokotala a kuno. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Uzani Sharon, mng'ono wanga, kuti alimbikire sukulu asiye zoyendayenda. A Gomezgani akuti moni wambiri kwa alamu awo, ndipo Lachisanulo adzapita nane kudepoti kukakuchingamirani.

Ndine mlongo wanu, wa m'mbumba yanu mpaka lero,

Bridget