Zibakera Pamaso pa Akulu

Lachitatu. Lero ndatheratu mphamvu.

Masabata atatu ndakhala ndikuphunzitsa atsikana a m'kalasi mwanga kuchemerera timu ya mpira monga pavidiyo imene ahedi anaona: zibakera m'mwamba ngati V, zigongono zosapinda, kenako kutambasula manja ngati T. Lero zinayamba kuoneka bwino. Ahedi atangotulukira, onse anatsitsa manja n'kugwada.

"Iwe Tiwonge, wagwadiranji?"

"Madamu, tingakwezere akulu chibakera?"

Podziyang'ana, nanenso ndinali nditapinda bondo.

Manje Lachisanu tikupita ku boma, ndipo ahedi akuti ndisakawachititse manyazi. Bwalo lidzadzaza makolo, abusa ndi mabwana a maphunziro. A sukulu ya ku Tembwe, amene tikasewere nawo, adzavina, ife tidzangopereka moni mpaka mpira kutha.