Mbale ya Malemu ndi Choko cha Katochi

Lolemba, 3 Malichi

Mitanda yachitsulo 24, ya mlatho wa anthu oyenda pansi. Dzimbiri lokhalokha. Pepala likuti tipale ndi mchenga mpaka chitsulo chiyere kufika pa mulingo wa Sa 2½, kenaka penti. Ndayatsa kompuresa 7:10, ndazimitsa 11:40. Mitanda 6, matumba a mchenga 18.

Woyendera ntchito watsopano wafika 12:05. Mtsikana, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Tochi m'manja, choko m'thumba, buku la zithunzi za zitsulo kukhwapa. Anzanga amutcha kale Katochi. Wagwada, waunika, watsegula buku, waunikanso. Kenaka X wamkulu pa mtanda 2, 3 ndi 5.

"Iyi ndi Sa 2, bambo. Pakufunika 2½."

Zaka 19 ndili pa paipi ya mchenga. Pamene ndinkayamba n'kuti iye akupukutidwa mamina.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndilembe, mwina ndine ndazungulira mutu. Sa 1, kungosesa pamwamba, zomatirira zimatsala. Sa 2, dzimbiri lachoka koma mawanga akuoneka apa ndi apo. Sa 2½, chatsala n'kamthunzi ka banga, kochita kufunafuna. Sa 3, chitsulo mbee ngati mkati mwa poto watsopano. Ndikuzidziwa zonse. Buku sindinalifunepo.

Ndili ndi mbale yanga yoyerekezera. Kachitsulo kukula ngati chikhatho. Malemu amene anandiphunzitsa ntchito anaipala okha pa 14 Juni chaka chomwe ndinayamba, n'kuipaka vanishi kuti isachite dzimbiri. Anati, "Chitsulo chikafanana ndi iyi, itana wapenti." Imakhala m'nsalu, m'thumba la ovolosi. Dzulo ndinaiika pa mtanda 3. Kufanana ndendende.

Ndabwereza 2, 3 ndi 5. Matumba 7 otayika chabe chifukwa cha choko.

Kapitawo ndi mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Wandiitana kuseri kwa kompuresa. "Alamu, choko chikakupezani kachitatu, mutula paipi, mukasefe mchenga. Ine ubale ndimausiya pa geti." Amausiyadi pa geti. Amautolanso Lamlungu masana, nthawi ya chakudya kwanga.

Lachinayi, 6 Malichi

Choko kachiwiri. Mtanda 9 ndi 11.

Lero sindinapirire. Ndatulutsa mbale, ndaiika pa 9 pamaso pa Katochi. Waiunika ndi katochi kake, waitembenuza. "Mbale yanu yakalamba, bambo. Mundilole ndikuonetseni chithunzi."

Ndaikulunga m'nsalu, ndachoka. Wapenti kumbuyo kwanga: "Musakwiye madala, nafe amatiunika mpaka m'makutu!" Onse phwete. Wapenti ameneyu bola angokhala chete. Chitsulo chikapalidwa chimadikira maola 4 okha, kupitirira apo dzimbiri layambanso, koma iye tiyi yekha amamwa ola lathunthu.

Mbale ya malemu. Munthu amene anataya diso limodzi pa ntchito imeneyi. Ndiye kamwana ka buku kazinena kuti yakalamba. Manja ake osalala ngati a wogulitsa mafuta odzola. Sanagwirepo paipi ikamakankha pachifuwa, sanalavulepo malovu akuda.

Kwatsala kamodzi.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndabwereza 9 ndi 11. Matumba 5. Katochi sindinamupatse moni. Iye wandipatsa. Mwano womwewo.

Lamlungu, 9 Malichi

Mkazi wanga, akusita ovolosi: "Mwina ndi maso, bambo a ana. Palibe chochititsa manyazi." Ndamuuza andipatse singano. Ndalowetsa ulusi katatu, katatu konse osaphonya. Ndawerenga manambala a pa kalendala ndili pakhomo, mapazi 9. Maso alibe mlandu. Iye wangoti, "Ndiye vuto lili pena." Nayenso ayambe kuyenda ndi tochi.

Mlamu wabwera 12:50, wadya, wawonjezera, wachoka 2:15. Za ntchito osatchula. Wayamikira ndiwo.

Kosefa mchenga ndikudziwako. Shedi yopanda zenera, fosholo ndi sefa. Amatumizako munthu amene akufuna kuti atope, achoke yekha. Pa zaka 19 ndaonako anthu 4. Wokhalitsa anatha miyezi 5.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndilemba mwadongosolo, mmene zachitikira.

Katochi kulibe. Amuitana kwina, abwera Lachinayi. Mitanda 13 mpaka 18 ndamaliza 11:20. Matumba 19. Wapenti wayamba kale kusakaniza, malita 20, penti ya zitini ziwiri ija yomwe ukasakaniza siyidikira munthu.

Mlamu wabwera ndi pepala, akumwetulira. "Alamu, lero mfumu ndinu. Yerekezani ndi mbale yanu, musaine, tipake. Penti ikakwirira adzaona ndani?"

Mawu amenewo andikhala pakhosi. Ngati ntchito yanga ili bwino, zokwirira zabwera bwanji? Ndiye kuti nayenso akuganiza ngati kamtsikana kaja, amangondisunga chifukwa cha mlongo wake.

Ndinafuna kuwatseka pakamwa onse awiri. Ndatenga thina ya wapenti, yosungunulira penti ija, pa kasanza, ndapukuta ngodya imodzi ya mbale, aone kuti pansi pa vanishi ndi pamwamba n'chimodzimodzi. Kasanza kabwera kachikasu, ngati tiyi wogonera. Ndapukutanso. Theka lonse.

Pansi pake chitsulo choyera, chotuwa pang'ono, chopanda banga ndi limodzi lomwe. Ntchito ya malemu, mmene anaisiyira tsiku lija.

Ndaiika pa mtanda 14. Theka la vanishi likufanana ndi mtanda. Theka lopukuta ayi, kutalikirana. Mawanga amene ndakhala ndikuti ndi kamthunzi kololedwa anali a vanishi, yakhala ikuda pang'onopang'ono m'thumba mwanga, ine n'kumada nayo limodzi. Mtanda 14 ndi Sa 2. Palibe chotsutsa.

11:35. Wapenti wagwira kale mfuti yake ya penti. "Madala, tiyambe kapena tiimbe kaye nyimbo?"

Ndapempha choko kwa wowotcherera. Ndayenda ndi mbale mtanda uliwonse. 16 yokha ndiyo yakwana. X pa 13, 14, 15, 17, 18.

Wapenti watukwana mpaka mayi anga amene sanawaonepo. Malita 20, mtanda umodzi.

Mlamu wayang'ana nthawi yaitali. "Kachitatu kameneko, alamu. Mwalemba nokha." Ndavula chisoti, ndakulunga paipi bwinobwino monga mwa masiku onse, ndamupatsa. Sanandiyang'ane kumaso.

Ndikanasaina. Palibe akanadziwa zaka zitatu, zinayi, mpaka penti itayamba kutukusira. Koma pa mlatho umenewo padzadutsa anthu.

Lachitatu, 12 Malichi

Kusefa. Matumba 31.

Lachinayi, 13 Malichi

Matumba 28. Chifuwa.

Katochi wabwera 9:30. Wowotcherera akuti anaima pa mtanda 13 n'kunena kuti, "X uyu si wanga. Wanga sawongoka chonchi." Kenaka wandipeza ku shedi, fumbi lili koboo, wapempha kuona mbale. Ndikanakana. Ndamupatsa. Waunika theka loyera nthawi yaitali, watsegula buku lake, waiika pambali pa chithunzi. "Amene anapala iyi ankaidziwa ntchito, bambo."

Ngati ndimafunika kuuzidwa ndi iye.

Akuti alankhula ndi kapitawo. Sindinamutume. Mlamu salankhulika, ndikumudziwa, ndakhala ndikumudyetsa zaka 22. Wapukuta mbale ndi mpango wake asanandibwezere, wandiuza ndiisunge m'botolo lotseka, pouma, osapakanso vanishi. Sindinathokoze. Ndikumudabe. Anali wolondola pa 3 Malichi, pa 6 Malichi, ndipo ndi chimene chikundiwawa kuposa fumbi.

Koma si za iye zomwe zandikhazika pansi. Vanishi sinade tsiku limodzi. Inayamba liti? Ndi zitsulo zingati zomwe ndinaitanira wapenti mbale itada kale? Ndatsitsa katoni ya makope anga pamwamba pa wadilopu, 19, chaka chilichonse kope lake. Ntchito iliyonse ndinalemba tsiku, matumba, ndi mawu awiri omwewo: yafanana, pakani. Mkazi wanga waitana kuti chakudya chikuzizira. Ndikubwera. Ndiyambira kumapeto, kubwerera m'mbuyo.

Masitepe a nyumba yosanja, 21 Januwale. Yafanana, pakani.

Mageti 4, 9 Disembala. Amenewo alibe kanthu, sanyamula munthu.

Thanki yamadzi akumwa, mkati monse, 12 mpaka 15 Novembala. Yafanana, pakani.

Mitanda ya denga la holo, 2 Okutobala