Mwala Wanga ndi Chinjinga cha a Msowoya

Nchenachena,
Rumphi.
3 Malichi 2008.

Okondedwa Manasseh, mng'ono wanga,

Vula chipewa usanawerenge, chifukwa wakulemberayu si munthu wamba. Ndine Laws Chavula, amene ndinanyamula makalata ndi mankhwala a mishoni pa njinga yamoto zaka makumi atatu, amene ndinalekeza sukulu sitandade 5 poona kuti aphunzitsi nzeru zawathera, katswiri wa njinga zamoto kuyambira pa Njakwa mpaka ku Thazima. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo langa ndi mbuzi imodzi.

Wandifunsa za chinjinga chimene mwana wa a Hezron Msowoya anawagulira ku Joniko, poti nawenso ukufuna chotero ukamadzabwera kudzapuma. Wafunsa woyenera. Tsiku limene lole inachitsitsa pa Njakwa, a Msowoya, ngakhale anali ahedi a sukulu, anaopa kukwera nacho phiri. Anaitana ine.

Ndiyambe ndi zabwino, poti ndine mkhristu. Paphula chimayenda ngati chikuyandama. Mpando ndi wofewa kuposa wa abusa, ndipo wakumbuyo uli ndi potsamira. Kutsogolo kuli galasi lotchinga mphepo, moti munthu umafika wopanda tizilombo m'mano. Chili ndi wailesi, ndi mabokosi atatu oti mkoko wa nthochi ungalowemo. Kulira kwake si kwa thuthuthu ayi, n'kwapansipansi ngati bingu la ku Nyika, umakumvera m'mimba. Ndisakubisire, ndinapita nacho dala mpaka pa Bwengu ndisanabwerere, ndipo mtunda umenewo ndinali mnyamata.

Koma phula likangotha chimasanduka ng'ombe yamakani. Mimba yake ili pansi, imakhula chulu chilichonse. Petulo chimamwa ngati alendo a pa ukwati. Kuti chitembenuke chimafuna bwalo la mpira. Ndipo kulemera kwake, mbale wanga, chikagwa munthu mmodzi sangachidzutse. Mawu amenewa uwasunge.

Ukudziwa kuti m'busa watsopano akamabwera, wotsogolera kuchokera pa Mhuju ndimakhala ine, pa kanjinga kanga kofiira kamene mishoni inandisiyira. Abusa anayi ndawalowetsa m'mudzi muno. Mwezi watha, pa msonkhano wa akulu ampingo wokonzekera kulandira m'busa wachisanu, a Msowoya anaimirira nakonza tayi.

"Abale, nthawi zasintha," anatero. "Mlendo wolemekezeka sangalandiridwe ndi chitini chotsokomola. A Chavula apume. Angathe kuthandiza amayi kunyamula mabenchi."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, ndinati, "Yewo chomene, ahedi." Koma chitini chimenecho, Manasseh, n'chimene chinanyamula mlamu wako Isabella ulendo wake womaliza wa kuchipatala, atandigwira m'chiuno njira yonse. Zimenezo sindinanene.

Sanalekere pomwepo. Analandanso malo anga oimika njinga, pansi pa mango pakhomo la tchalitchi. Pamenepo dothi ndi lofewa, ndipo aliyense amene wakwerapo njinga yamoto kumapiri kuno amadziwa kuti kamwendo koimikira kamafuna mwala wafulati pansi pake. Mwala unalipo. Ndinakautola ndekha kumtsinje mu 1981, n'kuukwirira molingana ndi nthaka. Masabata atatu ahedi ankaimika chinjinga pamwala wangawo osadziwa, poganiza kuti nthaka nayo imalemekeza ophunzira.

Loweruka masana mvula itakata, ndinapita ndi khasu kukatenga katundu wanga. Kodi kutenga chako n'kuba? Dzenjelo ndinalikwirira bwinobwino, poti sindifuna anthu azipunthwa pakhomo la Mulungu.

Lamulungu ndinanyamula mabenchi monga anandilamulira. Kenako bingu linamveka kumunsi. Atulukira ahedi, nyali zonse zikuyaka masanasana, galimoto ya abusa pambuyo, amayi a bungwe lathu la Umanyano akuimba ndi kugwedeza nsalu. Anaimika pansi pa mango, anatsika, natulutsa mapepala a mawu olandirira mlendo.

Ali pa tsamba lachiwiri, ndinaona chinjinga chikuyamba kuwerama, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mkamwini polonjera apongozi. Ine ndinayang'ana kumwamba kuona ngati mvula ibwerenso. Pa tsamba lachitatu, khu! pa tebulo la mphatso. Mazira onse phwa, uchi unatayika, nkhuku ziwiri zinamasuka n'kuthawira m'tchalitchi.

Ahedi anathamanga nakoka zogwirira mpaka buluku linang'ambika kumbuyo. Akulu ampingo atatu ovala masuti anathandiza, koma nsapato zawo zinkangoterereka m'matope ndi uchi. Petulo anayamba kudontha. Wina anawanong'oneza abusa, ndipo anatembenukira kwa ine.

"Ndinu a Chavula? Akuti mwini nzeru za zimenezi ndinu."

"Ine ndine wa mabenchi, abusa," ndinatero. "Za njinga funsani ophunzira."

Pamenepo a Msowoya anagwada m'matope, mpingo wonse ukuona, nati, "Adada Chavula, ndinalakwa chomene. Njinga yanu si chitini. Ndikhululukireni."

Ndinavula jekete. Ndinaika giya kuti chisagubuduke, ndinapereka msana ku mpando, dzanja lina pa chogwirira, lina kumbuyo, n'kukankha ndi miyendo. Amayi atatu a Umanyano, anthu ozolowera mitolo ya nkhuni, anagwira nane. Chinadzuka. Bondo lija ndakuuza linayambira pamenepo.

Akulu ampingo agamula kuti ukwati wa pa Pasaka, ndi mlendo aliyense wobwera mtsogolo, wotsogolera ndine. Chinjinga chili pabalaza kwa a Msowoya, galasi lake losweka, atachifunda nsalu ya patebulo.

Tsono chigamulo changa nachi. Ngati udzakhale ku Mzuzu, gula, sudzadandaula. Ngati ukubwera kwanu kuno, gula kakang'ono koti ukagwa nako udzuke nako. Ukakakamira chachikulucho, upezeretu mwala, ndipo usamanyoze mwini mwala.

Undiperekere moni kwa mlamu Anne ndi ana onse. Uwauze kuti nthochi za Isabella zabereka chomene chaka chino, odya ndiye palibe. Bwerani msanga, msewu ndidzakutsogolerani ndine.

Ndisanasaine, pali chinthu chimodzi chimene ndapeka m'kalata muno, ndipo mwezi uno kuli mgonero. A Msowoya sanagwade, sanapepesenso. Anangoima n'kumayang'ana nsapato zawo. Amene anayankhula ndi akazi awo, NyaMhango, omwe aja anasambitsa Isabella tsiku la maliro. Anangoti, "Adada, chonde," ndipo jekete ndinavulira iwowo. Mawu a ahediwo ndawalemba chifukwa ndimafuna ndiwaoneko, ngakhale papepala pokha.

Mwala uli pakhonde panga, kanjinga kofiira kataimapo. Dzulo ahedi anadutsa kawiri wapansi, akuuyang'ana. Adzaodira ndithu. Mpando ndawaikira kale.

Ine mkulu wako wokukonda,
Laws.